Ndiwo patsogolo, nsima pambuyo

Kwathu kuno chikondi timachiyeza ndi kukula kwa mtanda wa nsima. Mlendo akafika pakhomo, mayi wa panyumba mtima sukhala pansi kufikira mbale itabwerera yopanda kanthu, ndipo munthu amene wadya mpunga kapena mbatata madzulo sachita manyazi kunena kuti wagona ndi njala. Ndiwo ntchito yake n'kuperekeza nsima basi. Umu ndi mmene tinaleredwera ku Ntcheu, ndipo abale athu a ku Chipata, ku Tete ngakhalenso a ku Harare sasiyana nafe kwenikweni, kaya akuitchula nsima kaya sadza.

Tsono taganizirani za munthu amene chifu chake sichingalandirenso ngakhale theka la mtanda. Kodi wotereyu timamuphikira chiyani? Nanga timamuonetsa bwanji kuti timamukonda? Mafunso amenewa anandipeza pamene achemwali anga anachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, ine n'kukhala wowaphikira.

Thupi lomwe tinkalitama

Achemwali agwira ntchito mumzinda wa Johannesburg kwa zaka zambiri. Akatumiza zithunzi, kumudzi tinkakondwa poona thupi likukula, n'kumati Joni yawayanja. Koma m'kupita kwa nthawi thupi lija linabwera ndi anzake: matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kuphwanya kwa mawondo ndi kubanika kutulo. Anayesa kuchepetsa chakudya ndi kuyenda ndawala m'mawa uliwonse, koma thupi linkatsika pang'ono n'kubwereranso.

Vutoli si la achemwali okha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse anali wonenepa mopitirira muyeso. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2016 ku South Africa anaonetsa kuti amayi 68 mwa 100 alionse ankalemera kuposa mlingo woyenera. Ku Malawi, kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza amayi 21 mwa 100 ali m'gulu lomweli, pamene ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kunenepa ndi kupinimbira tsopano zikukhalira mudzi umodzi, mwinanso nyumba imodzi.

Opaleshoni yochepetsa thupi si yachilendo. Dokotala wina wa ku Iowa, m'dziko la America, dzina lake Edward Mason, anayamba kuchita mtundu wina wa opaleshoniyi m'zaka za m'ma 1960. Lero njira zodziwika kwambiri zilipo ziwiri. Pa yoyamba, madokotala amachotsa pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a chifu, ndipo chotsalacho chimaoneka ngati nthochi. Pa yachiwiri, amasiya kathumba kakang'ono ngati dzira n'kukalumikiza ku matumbo. Achemwali anachitidwa yoyambayo. Ndi chithandizo chokwera mtengo, choperekedwa kwa amene thupi laika moyo wawo pachiswe, ndipo madokotala anawauziratu kuti mpeni ungotsegula khomo, koma ulendo wonse adzauyenda pa mphika.

Masabata a sipuni

Ndinapita ku Johannesburg kukawasamalira nditanyamula usipa, nsinjiro ndi ufa wa soya. Katswiri wa kadyedwe wa pachipatala anatipatsa ndondomeko, ndipo aliyense wochitidwa opaleshoniyi ayenera kutsata ya chipatala chake, pakuti zimasiyana pang'ono.

Kwa masabata awiri oyamba kunali zamadzimadzi zokhazokha: msuzi wa nkhuku wosefa wochotsa mafuta, mkaka, chambiko chosungunula ndi madzi akumwa. Zonsezi ankamwa mopsontha, pang'onopang'ono tsiku lonse, kuti akwanitse lita imodzi ndi theka, chifukwa ngozi yaikulu pa masiku amenewa ndi kuuma kwa madzi m'thupi. Masabata awiri otsatira tinalowa ku zakudya zopota. Apa chipere cha agogo athu chinapeza ulemu wake. Ndinkaviika nyemba, kuzichotsa makoko, kuziphika mpaka kufeweratu, n'kuzipota zisalale ngati phala la mwana. Tsiku lina ndinkapota maungu, lina nsomba yochotsa minga. Masipuni atatu kapena anayi anali atakwana. Kenaka tinafika pa zakudya zofewa monga dzira lophwanya, ndipo patatha pafupifupi miyezi iwiri anayamba kulawa zakudya za masiku onse.

Lamulo lalikulu pa nthawi yonseyi linali la zakudya zomanga thupi. Munthu wochitidwa opaleshoniyi amafunika magalamu osachepera 60 a mapuloteni pa tsiku, kupanda kutero thupi limayamba kudya minofu yake, mphamvu zimatha, tsitsi limathothoka kwambiri, ndipo bala limachedwa kupola. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka pafupifupi 8. Mukawerengetsa muona kuti m'chifu chaching'ono chotere mulibe malo otayira chakudya chongokhutitsa. Sipuni iliyonse iyenera kugwira ntchito.

Chomwe chinatipulumutsa ndi nzeru yomwe alangizi a zaumoyo akhala akuphunzitsa amayi kusikelo. Ndinkawamba usipa pang'ono popanda mafuta, kuusinja, kuusefa, n'kusunga ufawo m'botolo. Sipuni imodzi ya ufa umenewu m'chipere kapena m'phala la soya inkawonjezera mapuloteni, komanso kashiamu wolimbitsa mafupa, pakuti usipa timausinja pamodzi ndi minga yake. Njira yomwe imadzutsa mwana wonyentchera inakhalanso yothandiza mayi wa zaka zoposa makumi anayi.

Chakudya chochepa chiyenera kukoma

Munthu amene akudya masipuni owerengeka sangapirire chakudya chozizira ndi chosakoma. Akanyansidwa nacho amasiya kudya, kapena amabwerera ku zotsekemera zomwe zimatsika mosavuta kukhosi. Choncho ndinaphunzira kufuna kukoma kwina osati m'mafuta. Tomato wakupsa bwino ndi anyezi wophikidwa mofatsa pamoto wochepa amatulutsa msuzi wokoma ndi kasipuni kamodzi kokha ka mafuta. Adyo, jinja ndi madontho a ndimu amadzutsa nsomba yowiritsa. Nkhuku yachikuda ndinkaiphika nthawi yaitali mpaka mnofu uzichoka wokha pafupa, chifukwa nyama youma monga yootcha kapena kanyenya imakakamira pachifuwa ndipo imasanzitsa. Nkhwani ndi bonongwe ndinkazidula timizere ting'onoting'ono n'kutendera ndi sipuni imodzi ya nsinjiro, osati chikho chonse, popeza mtedza uli ndi mafuta ambiri. Soda ndi chidulo ndinazisiya, pakuti zimaononga mavitamini omwe munthu wotere amawasowa kale.

Kadyedwe nakonso kanasintha. Achemwali amayamba ndi nsomba, dzira, nkhuku kapena nyemba. Akatero amadya masamba. Nsima imabwera pomaliza, yofewa, mbamu imodzi kapena ziwiri ngati malo atsala. Nsima yolimba, mpunga ndi buledi wofewa zimaumbika m'chifu n'kutseka malo a chakudya chofunika. Amatafuna mpaka chakudya chisalale m'kamwa, amaika sipuni pansi akatapa kamodzi, ndipo mbale yaing'ono imawatengera mphindi 20 kapena 30. Akangomva kukhuta amasiya, ngakhale patatsala sipuni imodzi.

Chovuta kuzolowera chinali madzi. Ife timaika chikho cha madzi pambali pa nsima, koma iwo samwa akudya, ndipo amadikira mphindi 30 akatha kudya. Tiyi amamwa patali ndi nthawi ya chakudya chifukwa amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi, pamene chipatso monga gwafa kapena lalanje chimathandiza.

Mayeso a kumudzi

Patapita miyezi ingapo achemwali anabwera kumudzi kudzapuma, nthawi yokolola. Apa m'pamene ndinaona kuti kuphika n'kosavuta poyerekeza ndi kudya pakati pa anthu.

Tsiku loyamba amayi anapha tambala, n'kuphika nsima ya ufa woyera mitanda isanu. Achemwali anadya kachidutswa ka nkhuku, masamba pang'ono ndi mbamu imodzi, n'kusamba m'manja. Amayi anayang'ana mbale ija kwa nthawi, kenaka anati, “Mwananga, ndakulakwira chiyani kuti uzikana chakudya cha m'manja mwanga?”

“Amayi, sindikukana ayi,” anayankha motero achemwali. “Ndiwo zanu n'zomwe ndinkazilakalaka kutali konse kuja. Koma ndikati ndimalize mbaleyi, usiku uno mundinyamula kupita nane kuchipatala.”

Kunja nako kunali mayeso ake. Kumjigo anthu ankanong'onezana, pakuti kwathu munthu akabwera kuchokera ku Joni ataonda, ambiri amathamangira kuganiza za kachirombo ka HIV kapena za ufiti. Manong'onong'o otere amapweteka aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe, ndipo ndiwo amachititsa ena kudzikakamiza kudya kuti anthu asawanene. Pa chinkhoswe china achemwali analandira chikho cha thobwa lothira shuga wambiri poopa kukhumudwitsa eni mwambo. Pasanathe theka la ola anayamba thukuta, mtima kugunda kwambiri, chizungulire ndi nseru. Izi zimachitika zotsekemera zikathamangira m'matumbo mwamsanga. Zimaoneka kwambiri kwa amene anachitidwa njira yachiwiri ija, koma ngakhale enawo zimawagwera.

Amayi ataona zimenezo anasintha okha popanda wowaumiriza. Anatulutsa kambale ka tiyi ka m'kabati mwawo, komwe sitinkaloledwa kukagwira tili ana, n'kunena kuti imeneyo ndiyo mbale ya mwana wawo. Pa maliro ndi pa zikondwerero anakhala iwo owayankhulira: “Mupatseni nyemba ndi masamba, nsimayo ndidya ndine.” Ndipo anakana zoti achemwali aziphikiridwa mphika wapadera kapena kudyera kuchipinda. Tonse tinkakhala pamphasa imodzi, ndiwo zimodzimodzi, kusiyana kunali kukula kwa mbale basi. Munthu wodya yekha amadziona ngati wodwala, koma wodya ndi abale ake amachira ndi mumtima momwe.

Chinawadabwitsa amayi n'chakuti pafupifupi zonse zomwe madokotala a ku Johannesburg ankafuna zinali pakhomo pawo pomwe: nyemba, khobwe, nzama, soya, mazira a nkhuku zawo, nkhwani za m'munda ndi mfutso wa m'chikwatu. Zogula zinali usipa ndi tomato wa pa msika wa Lizulu. Zakudya zomwe achemwali ankazipewa m'tauni poziyesa zaumphawi n'zomwe zinawabwezera mphamvu.

Zomwe mphika sungathe

Ndisakunamizeni kuti chakudya chabwino chimakwanira pachokha. Chifu chochepetsedwa sichithandiza thupi kuyamwa bwino vitamini B12, ayironi ndi kashiamu, choncho munthu wotere amamwa mapiritsi a mavitamini moyo wake wonse ndipo amayezetsa magazi nthawi ndi nthawi. Akamasanza kosalekeza, akamamva dzanzi m'miyendo kapena kufooka kwachilendo, apite kuchipatala msanga ndipo akafotokoze kuti anachitidwa opaleshoni ya chifu. Mowa ndi zakumwa za gasi azipewe. Mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen asamwe popanda kufunsa dokotala chifukwa angayambitse zilonda m'chifu. Kwa amayi, madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati. Ndipo thupi likhoza kubwereranso ngati munthu ayamba kutolatola mandasi, mabisiketi ndi tiyi wa shuga tsiku lonse.

Achemwali lero amayenda kuchokera kunyumba mpaka kudimba osapumira panjira, ndipo madokotala anawachepetsera mankhwala a shuga. Masiku ena amakhumudwa akaona anzawo akudya momasuka, koma sanasiye kukonda chakudya. Amangochikonda mwa njira ina.

Kwa alangizi ndi alimi anzanga

Ambiri mwa ife sitidzachitidwa opaleshoni yotereyi. Komabe anthu athu amapita ndi kubwera pakati pa maiko a m'chigawo chino, ndipo tsiku lina mlangizi adzapeza munthu wotere m'mudzi wake. Musamukakamize kudya, musamuseke, ndipo muthandize banja lake kumvetsa kuti kambale kakang'ono si mwano.

Ku Malawi timaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Koma mukasuzumira m'mbale zathu, gulu limodzi limatenga malo onse, asanu enawo n'kumapanikizana m'mphepete. Nthawi yokolola timagulitsa nyemba, soya, mtedza ndi mazira kwa mavenda pamtengo wolira, ndalamazo n'kugulira buledi, shuga ndi zakumwa za m'mabotolo. Tikatero timagulitsa mankhwala n'kugula matenda.

Chaka chino, musanatsegule thumba kwa wogula, yambani mwapatula nyemba ndi mtedza zokwanira banja mpaka zokolola zina. Futsani masamba akadali ambiri. Mazira ena asiyireni ana ndi amayi oyembekezera. Ndipo pophika, chepetsani mtanda pang'ono, muwonjezere chipande cha ndiwo. Sitiyenera kudikira mpeni wa dokotala kuti utiphunzitse zomwe munda wathu ungatipatse.