Phindu la Mwini Ndalama ndi Mwana wa ku Kanyama

Loweruka lapitali ndinapita ku Kanyama kukaceza kwa mlongo wanga. Mwana wake wamkazi, amene ali mu giredi 4, ndinam'patsa nyuzipepala kuti andiwerengere mutu wa nkhani. Anaiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anazolika nkhope. Sanathe.

Ine ndinaphunzira m'komboni yomweyo, pa sukulu yoyambitsidwa ndi makolo m'nyumba ya mapemphero. Mabenchi athu anagulidwa ndi anthu acifundo a kunja. Iwo anali kubwera kudzawerenga mabenchiwo ndi kutijambula, koma sindikumbuka ngakhale mmodzi amene anafunsa ngati tidziwa kuwerenga.

Boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale mu 2002. Mu 2022 linawacotsa mpaka giredi 12, nilemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Ana anadzaza m'makalasi, ndipo tiyamika. Komabe funso lija likali ciimire: kodi aphunziradi?

Maiko ena ayesa kumangirira ndalama pa funso limeneli. Mwini cuma aika ndalama zake pa nchito yothandiza anthu, ndipo abwezeredwa pamodzi ndi phindu pokhapo akatswiri apadera atatsimikiza kuti zimene anapangana zacitika. Zikalephereka, iye ndiye aluza. Njirayi inayambira ku ndende ya Peterborough, ku Britain, mu 2010, pothandiza akaidi omasulidwa kuti asalakwenso. Ku Rajasthan, m'dziko la India, pakati pa 2015 ndi 2018, a UBS Optimus Foundation anapatsa bungwe la Educate Girls madola 270,000. Atsikana 768 analowa sukulu, ana anakhoza koposa muyeso wa pangano, ndipo ndalamazo zinabwerera kwa eni ake ndi phindu.

Candikondweretsa ndi cakuti kumeneko anawerenga nzeru za ana, osati mabenchi. Koma nkhawa ndili nayo. Wofuna phindu amathamangira nthaka yaconde. Mwana wocedwa kugwira, amene ajomba madzi akasefukira m'Kanyama kapena akapita ndi amake kukagulitsa tomato ku Soweto, angaoneke ngati wotayitsa ndalama, nasiyidwa.

Cotero ngati njirayi idzafika m'makomboni mwathu, ndipempha olemba pangano kuti malipiro aakulu awaike pa mwana wotsalira kwambiri. Pakali pano, ine ndi mwana uja tapangana kukumana Loweruka lililonse. Tayambira pa a, e, i, o, u.