Buku lomwe mapeto ake anapita ndi usipa

Ine ndimagulitsa usipa ndi nyemba mumsika wa Limbe, ndipo mapepala okulungira ndimagula pa kilo kwa anyamata otolera nyuzi zakale ndi makope otha ntchito. Nthawi zina mumtolomo mumapezeka buku. Mu 2018 ndinapezamo kabuku kopanda chikuto, masamba ake ofiirira ngati fodya wowuma, ndipo ndinangoyamba kung'amba chakumapeto n'kumakulungira makasitomala. Masana msika utakhala zii, ndinatsegula koyambirira kuti ndingotayitsa nthawi. Pofika 4 koloko ndinali nditaiwala zoitanira malonda, mpaka mayi a pa benchi yoyandikana anachita kundigwedeza phewa. Nkhani itafika pa mponda chimera, masamba anatha. Mapeto ake ndinali nditagulitsa ndekha pamodzi ndi usipa wa K200.

Dzina la bukulo linali pamwamba pa masamba: The Death of Grass. Pambuyo pake ndinadziwa kuti analemba ndi John Christopher wa ku England, ndipo linatuluka mu 1956. Nkhani yake ndi ya matenda a mbewu omwe akuyambira ku China n'kupha mpunga. Anthu a ku England akumvera pa wailesi, akumvera anzawo chisoni, koma akudya bwinobwino. Kenako matenda aja akusintha n'kuyamba kupha chilichonse cha mtundu wa udzu, tirigu ndi msipu wa ng'ombe womwe. John Custance akuthawa mu London ndi mkazi wake, ana ndi anzake, kulowera kumpoto komwe m'bale wake David ali ndi munda wa mbatatesi m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, cholowera chake chimodzi chokha. Panjira anthu aulemu wawo aja akuba, akupha, gulu likukula. Buku langa linathera pomwe chigwacho chayandikira.

Usiku umenewo ndikuthyakula nsima ndinakumbukira za Agriculture ya ku Fomu 2, kuti chimanga nachonso ndi udzu. Mapira, mchewere, mpunga, nzimbe, zonsezi ndi udzu. Titsala ndi chinangwa, mbatata ndi nthochi basi. Komanso nthawi imeneyo n'kuti mbozi za ntchemberezandonda zitangosautsa m'minda, aliyense akudandaula. Kwa mzungu uja mwina inali nkhani yongopeka, koma ine ndinali nditaziwonapo ndi maso.

Njala ya 2002 inandipeza ndili Sitandade 6, kumudzi. Tinkadya nsima ya gaga, ena ankakumba zitsa za nthochi. Bambo anga anali atabisa matumba awiri a chimanga kuchipinda, pansi pa bedi, ndipo ana tinauzidwa kuti pakamwa tseke. Tsiku lina madzulo kunabwera bambo aang'ono, mng'ono wawo weniweni wa bere limodzi, atatenga kathumba kopindapinda m'khwapa. Anakhala pakhonde, analonjerana bwinobwino. Ndinamva bambo akuti, "Mng'ono wanga, muno mulibe kanthu, nafenso tikugona ndi madzi." Ine ndinali pakhomo la chipinda, matumba aja ndikuwaona. Bambo aang'ono anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kamwana kawo komaliza sikanafike nthawi yokolola. Anthu anati ndi malungo, mwinadi anali malungo. Abale awiriwa sanadyerenso mbale imodzi mpaka bambo anamwalira.

Ndiye mukhoza kumvetsa chomwe ndinkafunira masamba otayika aja. Ndinkafuna kudziwa ngati David atsegule geti.

Kusaka bukulo n'komwe kunandisandutsa wotolera mabuku otere. Loweruka lililonse ndikatseka benchi ndimadutsa kwa anyamata oyala mabuku pansi m'mbali mwa msewu, ku Limbe kuno ndi m'tauni mwa Blantyre. Ambiri mwa mabuku awo ndi a sukulu, a zachipembedzo ndi achikondi aja a zikuto zowala. Koma ukagwada n'kufukula pansi pa mulu umapeza zina. Ndinapeza The Day of the Triffids la John Wyndham, la 1951, momwe pafupifupi anthu onse achita khungu ndipo zomera zoyenda zikuwasaka. Ndinapeza The Chrysalids la mlembi yemweyo, lodzaza ndi manotsi a mwana wasukulu wina yemwe ankalemba ndi bolopeni yobiriwira. On the Beach la Nevil Shute, la 1957, ndinaligula lili ndi chidindo cha laibulale ina ya ku Scotland. M'menemo anthu a ku Melbourne akudikira poizoni wa mabomba a nyukiliya yemwe akubwera ndi mphepo, koma banja lina likukonzabe dimba la chaka chamawa. Limeneli ndinawerenga kamodzi, sindinalibwerezenso. Z for Zachariah nalonso ndi la chigwa, mtsikana ali yekhayekha, kenako kukubwera mwamuna, ndipo mtendere ukuthera pompo. Amayi a m'gulu muno, limenelo mulifunefune.

Pano ndili nawo 23. Ndimawasunga m'ndowa ziwiri zapulasitiki zotsekera, chifukwa chiswe chinandidyera awiri ali pa shelefu, ndipo chinyontho cha mvula ya Freddy mu 2023 chinamatanitsa masamba a ena atatu. Amuna anga amati ndowa zabwinobwino zikusungira mapepala pomwe madzi tikutungira m'zigubu. Ndimamva kuti kunja kuli anthu olipira ndalama zambiri pa kope loyamba kusindikizidwa, losapindika ngakhale pakona, ndipo amalisunga osaliwerenga. Zimenezo ine ayi. Buku ndikaligwira ndimayamba ndatsegula tsamba lomaliza kuona ngati lilipo, kenako ndimanunkhiza ngati muli nkhungu, ndiye tizikambirana mtengo. Kunenerera ndiye ntchito yanga, anyamata aja amachita kudandaula akandiona.

Koma The Death of Grass osapezeka. Zaka zisanu ndikufunsa. Mnyamata wina yemwe ndinazolowerana naye anafika pomanditchula kuti "achemwali a udzu". Chaka chatha akundisonyeza mabuku omwe anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo, ndinaona dzina la John Christopher pa kabuku kolembedwa No Blade of Grass. Ndinati ili ndi lina la mlembi yemweyo, ndingotenga. Kutsegula tsamba loyamba, ndi lomwe lija! Ku America analisindikiza ndi dzina lina. Kaya ndinalidumphapo kangati m'milu ina ndikusaka dzina lolakwika. Mnyamatayo anaona manja anga akunjenjemera, mtengo unakwera pompo kufika K3,000. Tsiku limenelo sindinanenerere.

Amene simufuna kudziwa mapeto, lekerani pano.

Ndinawerengera mu minibasi. David wamanga mpanda pakhomo la chigwa, pali anthu amfuti, ndipo mkatimo mwadzaza kale. Akuuza m'bale wake kuti iye ndi banja lake angathe kulowa, koma gulu lonselo ayi, chakudya sichingakwane. John akukana kusiya anthu ake. Usiku akulowera mumtsinje, akuwomberana, ndipo David akufa. Chigwa chikukhala cha John.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndikadzapeza masambawa ndidzadana ndi David, monga ndinkawaweruzira bambo anga chamumtima. Koma David anawerengera mbatatesi yake, anawerengera pakamwa pomwe anali napo, masamu anakana. Bambo anali ndi ana asanu, matumba awiri, ndi miyezi itatu kuti chimanga chiche. Ndawerengera ndekha kangapo pa kakope kanga ka ngongole. Chinkakwana ife basi, ndipo ine ndili moyo chifukwa cha bodza la pakhonde lija. Komabe ndikati ndiwakhululukire, ndimaona kathumba kopindapinda kaja. Ndowa imodzi yokha ikanatipha?

Bambo aang'ono alipo, akalamba, maso akuvuta. Mwezi watha ndinawatumizira usipa ndi thumba la ufa pa basi. Anaimba foni kuthokoza, tinacheza za mvula ndi mtengo wa feteleza. Za 2002 sitinayambe tazikambapo, ndipo sindikudziwa ngati amakumbukira kuti ndinayang'ana pansi.

Makope awiri aja ndinawamanga pamodzi ndi labala, lopanda mapeto pamwamba. Pano ndikusaka Earth Abides la George R. Stewart, la 1949. Amene mungalione penapake, ngakhale lopanda chikuto, mundiuze ku inbox. Koma muyambe mwaona tsamba lomaliza.