Kabokosi ka Utoto wa M'zikope

Mwana wanga wamkazi atalandira malipiro ake oyamba ku Lilongwe, anabwera kumudzi ndi shuga, sopo ndi chitenje cha amayi ake. Madzulo, pomasula chikwama chake, kabokosi kakang'ono kanagwera pansi ndipo ine ndinakatola. Munali utoto wopaka m'zikope wa mitundu inayi, kapepala ka mtengo kadakali pomwepo. Ndalama zimenezo zikanagula thumba la chimanga.

Ndinapsa mtima. "Mwana iwe," ndinatero, "kodi sunawerenge pa 2 Mafumu 9:30 za Yezebeli, amene anadzipaka m'maso pamene Yehu anafika ku Yezireeli?" Iye anangozolika. Amayi ake ndiwo anayankha mofatsa: "Bambo, si inu nomwe munatiphunzitsa kuti dzina la mwana wa Yobu, Kerenihapuki, litanthauza nyanga yosungiramo utoto wa m'maso?" Ndinasowa chonena, pakuti mlandu wa Yezebeli unali mwazi wa Naboti ndi kupembedza Baala. Chimene chinandiwawa ine chinali mtengo, koma ndinabisala kumbuyo kwa Malembo.

M'mawa mwake tinabwereka kabokosi kotsika mtengo kwa msuweni wake, ndipo tinawerenga zolembedwa kumbuyo kwa timabokosi tonse tiwiri. Tinadabwa kupeza kuti zopangira zake zazikulu n'zofanana: talc, mwala wofewa woperedwa kukhala ufa, mica, mwala wonyezimira, ndi iron oxide, dzimbiri lomwe lija limene limafiiritsa dothi la katondo. Mwana wanga anandionetsa pa dzanja lake kuti wokwera mtengowo ndi wosalala, sumwazika, ndipo sufufuka msanga ndi thukuta. Ndinavomereza. Komabe ndalama zambiri munthu amalipirira dzina la kampani, kukongola kwa bokosi ndi zotsatsa malonda, zinthu zimene sizioneka pa chikope.

Pali mtundu wachitatu umene ndiuopa koposa: utoto wosalembedwa kanthu, wosadziwika kumene wachokera. Aigupto akale ankapanga wawo ndi mwala wa mtovu, ndipo utoto wina wa m'maso wopangidwa mwa njira yakale umapezekabe ndi mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Ife achikulire tikukumbukira nkhope zimene zinapsa ndi mafuta oyeretsa khungu, mpaka dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Diso siligulidwa pa msika. Ngakhale kubwerekana kaburashi kumafalitsa matenda a maso.

Tinagwirizana kuti kabokosi akasunge popeza anagula kale, koma kakadzatha adzagule ka mtengo wapakati, m'sitolo yodziwika, kolembedwa zonse zimene zili m'kati, ndipo zotsalazo azisunga. Pamenepo anandiyang'ana namwetulira. "Nanga nsapato zanu za Lamulungu zija, Bambo, munagula chikopa kapena dzina?" Amayi ake anaseka kwambiri, chifukwa nsapatozo ndinazigula pa ngongole imene ndinabweza miyezi itatu.

Makolo anzanga, tisanadzudzule, tiyambe takhala pansi ndi ana athu n'kuwerenga nawo. Ndipo inu atsikana, musanatulutse ndalama, tembenuzani bokosi, muwerenge, kenaka mudzifunse ngati kunyumba kuli ufa. Ine nsapato zija ndikuvalabe, koma tsopano ndimazivala mwamanyazi pang'ono.