Mwana si katundu wosamutsa usiku

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, makamaka amene muli ku Mangalande, lero ndili ndi nkhani yosakoma. Banja likayamba kugwedezeka kunjako, ganizo lofulumira kubwera limakhala lakuti, "Ndingomutenga mwanayu ndikamusiye kwa agogo ake kumudzi." Kuno kwathu zimenezi sizidabwitsa. Kwa Achewa ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Kumpoto, kumene amapereka malowolo, ana ndi a kuchimuna. Koma woweruza wa ku England sawerengera malume kapena ng'ombe.

Kumeneko lamulo la 1984 lotchedwa Child Abduction Act limati kholo lotulutsa mwana wosakwana zaka 16 m'dzikomo, popanda chilolezo cha khoti kapena cha kholo linzake lomwe lili ndi udindo pa mwanayo mwalamulo, lapalamula mlandu. Inde, kuba mwana wobereka wekha!

Kholo limene likuona zizindikiro, monga pasipoti ya mwana kusowa m'kabati kapena mnzake kusiya ntchito mwadzidzidzi, lingathamangire ku khoti la mabanja kukapempha chiletso chotchedwa prohibited steps order, pansi pa Children Act ya 1989. Zikakhala zachangu, woweruza angathe kumva pempholi tsiku lomwelo mnzakeyo asanauzidwe, poti kumuuza n'kumufulumizitsa ulendo. Mbali yake amadzaimva pambuyo pake. Khoti lingalamulenso kuti mapasipoti alandidwe. Ngati ulendo uli pafupi, m'maola 24 mpaka 48, apolisi amatumiza dzina la mwana ku mabwalo a ndege ndi kumadoko. Amati port alert, ndipo imakhala masiku 28.

Liwiro lonseli n'lachiyani? Pali pangano la ku Hague la 1980, loti mwana wotengedwa motere abwezedwe msanga kudziko kumene amakhala. South Africa, Zimbabwe ndi Zambia analowamo, koma Malawi sanalowemo. Ndiye ndege ikangotera ku Chileka kapena ku Lilongwe, kholo lotsala lija liyenera kudzayamba mlandu m'makhoti a kuno, ndi ndalama zambiri, miyezi ikupita, mwana akukula.

Ifeyo aphunzitsi ndi amene timalandira zotsatira zake. Mwana amafika pakati pa teremu, alibe lipoti la sukulu yake yakale, Chichewa akuchita chodumphadumpha, anzake akumuseka. Anamuuza kuti akubwera ku holide. Mwana wotere mungamuphunzitse masamu mpaka choko kutha, mutu wake uli pa funso limodzi: ndibwerera liti? Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Polemba mwana wotere m'kaundula, tiyeni tizifunsa modekha ngati kholo linalo likudziwa kumene ali.

Ndikudziwa kuti ena amathawa nkhanza zenizeni, ndipo sindikuwaweruza. Komabe khomo ndi lomwelo la khoti. Mungapemphe chitetezo, mungapemphenso chilolezo chosamuka ndi mwana, ndipo woweruza amayang'ana ubwino wa mwanayo poyamba. Bungwe la Reunite, la ku Leicester, limalangiza makolo pa nkhani zimenezi.

Ana anga, mukayambana, yambanani awirinu. Agogo adzamuona mdzukulu wawo masana, makolo onse awiri akudziwa tsiku lopita ndi tsiku lobwerera.