Kodi munadwalapo kale?

Namwino wa pa cipatala ca kwathu kuno akamafunsa wodwala kuti, "Kodi matendawa munadwalapo kale?", amafuna kudziwa poyambira. Wodwala akavomera, nchito imapepuka, cifukwa mankhwala amene anathandiza poyamba akudziwika. Ku United States funso lomweli linagwira nchito ina kwa zaka zambiri. Linkalembedwa pa mafomu a makampani a inshuwalansi ya zaumoyo, imene ambiri kuno timaichula seguro. Munthu akavomera, kampani inali ndi ufulu womukana, womukwezera mtengo, kapena womulandira koma n'kumuuza kuti nthenda imeneyo yokha sadzamulipirira. Shuga, mphumu, HIV, khansa imene inacizidwa kalekale, ngakhale pathupi, zonsezi zinkawerengedwa kuti ndi katundu amene munthu wabwera naye yekha.

Kuti mumvetse kulemera kwa kukanidwa kotere, dziwani kuti dziko limenelo lilibe dongosolo limodzi la boma lothandiza wodwala aliyense pa kandalama kocepa. Kuyambira 1965 boma limalipirira okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo kudzera mu Medicare, ndi ena mwa osauka kudzera mu Medicaid. Ambiri otsala amapeza inshuwalansi kunchito kwawo, ndipo nchito ikatha, nayonso imatsala pang'ono kutha. Lamulo la 1986 limakakamiza zipatala kuthandiza munthu amene wafika ali kayakaya, koma kalata ya ngongole imamutsatira kunyumba. M'caka ca 2010 anthu pafupifupi 50 miliyoni analibe inshuwalansi iliyonse.

Makampaniwo anali ndi mfundo yawo, ndipo si yopanda nzeru. Inshuwalansi ili ngati nkhokwe ya mudzi: aliyense amathiramo cimanga pamene munda wake wabereka, kuti amene munda wake wakokoloka atapemo. Tsono ngati munthu aloledwa kulowa m'gulu tsiku limene njala yamufika pakhomo, ndani adzavutike kuthiramo zinthu zili bwino? Nkhokwe idzatsala ndi otapa okhaokha. Mfundoyi ndimaivomereza mpaka pamenepo. Imandithera pamene ndikumbukira kuti mwana wobadwa ndi vuto la mtima sanazembe kuthira cimanga m'nkhokwe ya wina aliyense, ndiponso kuti munthu amene wakhala akulipira zaka 20 kudzera kunchito, nacotsedwa nchitoyo, ankafika pa kampani ina ngati mlendo wobwera ndi matenda ake m'thumba.

Mu 2010 Pulezidenti Barack Obama anasainira lamulo lochedwa Affordable Care Act. Lamuloli linaletsa makampani kukana anthu cifukwa ca matenda akale, koma kwa akuluakulu ciletsoco cinayenera kuyamba pa 1 Januwale 2014. Pofuna kusunga odwala m'zaka za pakatizo, boma linakhazikitsa inshuwalansi yakeyake, Pre-Existing Condition Insurance Plan, mwacidule PCIP, n'kuipatulira madola 5 biliyoni. Inayamba kulandira anthu mu Julayi 2010. Zigawo 27 za dzikolo zinaiyendetsa zokha, ndipo m'zigawo 23 pamodzi ndi mzinda wa Washington inayendetsedwa ndi boma lalikulu. Sinali yaulere. Munthu ankalipira mwezi ndi mwezi, koma pa mtengo wofanana ndi wa munthu wosadwala wa msinkhu wake. Zofunika zinali zitatu: kukhala nzika kapena mlendo wokhala m'dzikomo mwalamulo, kuonetsa umboni wa matenda akale, ndi kukhala miyezi isanu ndi umodzi wopanda inshuwalansi ina iliyonse.

Cofunika cacitatuci ndico cinafika m'banja mwathu. Mlongo wanga anakwatiwa kumeneko, ndipo ali ndi matenda a shuga ofuna jakisoni wa insulin tsiku ndi tsiku. Alamu anga atacotsedwa nchito, banja linayesa kupitiriza inshuwalansi yakale ndi ndalama za m'thumba, monga lamulo limalolera kwa kanthawi, mpaka thumba linauma. Anapempha ku kampani ina. Alamu ndi ana anawalandira, iye yekha anamukana, ndipo cifukwa cake anacilemba poyera m'kalata. Kalata imeneyi anaisunga mosamala ngati satifiketi ya kusukulu, popeza masiku amenewo ndiyo inali umboni wofunika ku PCIP. Zimandidabwitsa mpaka lero kuti munthu ankayamba wafunafuna womukana kuti boma limuvomere. Pofika pakati pa 2011 anafewetsako, n'kumalandiranso kalata ya dokotala.

Kenako inayamba miyezi yodikira. Tinkalankhulana pa foni Lamlungu lililonse, ndipo m'malo monena za ana ankandiwerengera masabata. Mankhwala ankagula ndi ndalama zake pa mtengo wathunthu. Timapepala toyezera shuga m'magazi anayamba kutigwiritsa nchito kamodzi pa tsiku m'malo mwa kanayi. Kwa dokotala wa maso, amene wodwala shuga amayenera kumuona caka ndi caka, sanapite. Panapezeka inshuwalansi ina yochipa, yosalipira za shuga koma yothandiza pa ngozi ya pamsewu, koma anaopa kuigula kuti mwina miyezi yake ingayambirenso kuwerengedwa. Amayi, amene ankamvetsera ali pamphasa, anandifunsa tsiku lina foni itaduka: "Kodi iwe, azunguwo akufuna aone kaye ngati afe?" Ndinayesa kuwafotokozera za nkhokwe ija. Anandiyang'ana n'kupitiriza kusola mtedza wawo.

Olemba lamulo anali ndi cifukwa. Ankaopa kuti pakapanda mpanda umenewu, odwala amene anali kale ndi inshuwalansi yodula adzaisiya n'kuthamangira ya boma, kapena makampani ndi mabwana adzakankhira kumeneko anthu awo odwalitsitsa, ndipo madola 5 biliyoni adzatha caka cisanathe. Zigawo zoposa 30 zinali kale ndi magulu awoawo a odwala okanidwa, olipiritsa mtengo wokwera. Mamembala a magulu amenewa sankaloledwa kusamukira ku PCIP pokhapokha atakhala kaye miyezi isanu ndi umodzi pamtetete. Pa masamu a ndalama mpandawo unali womveka. Koma unamangidwa pakati pa anthu amene, mwa anthu onse a m'dzikomo, ndiwo sakanatha kudikira. Wathanzi angathe kukhala theka la caka wopanda dokotala osazindikira n'komwe. Cotupa ca khansa sicidziwa kuti pali lamulo lodikira, ndipo shuga wosasamalidwa amadya maso ndi impso mwakacetecete. Ine ndimaona kuti ndalama zimene mpandawo unapulumutsa pakhomo, zina zinakatuluka m'kati, pociza anthu amene anafika matenda atakula.

Zotsatira zake zinadabwitsa ngakhale akatswiri. Owerengera za boma ankayembekezera kuti anthu 375,000 adzalowa caka coyamba cisanathe. Analowa ocepa kwambiri, ndipo ngakhale pamene gululo linakula kwambiri, kumayambiriro kwa 2013, linangopitirira pang'ono anthu 100,000. Ena sanamve n'komwe za PCIP, ena mtengo wa pamwezi unawakulira, moti mu 2011 boma linautsitsa m'zigawo zingapo. Komabe ocepawo anali odwala zedi: khansa, mtima, impso. Mu 2012 munthu mmodzi ankadya madola oposa 30,000 pa caka tikagawa mofanana. Apa mfundo ya makampani ija inatsimikizika mwa njira imene eni ake sanaifune. Nkhokwe ya odwala okhaokha siyima, kaya ndi ya kampani kaya ndi ya boma. Yankho limene lamulo la 2010 linasankha ndi kuika athanzi ndi odwala m'nkhokwe imodzi, kuthandiza opeza zocepa kulipira, ndi kulipiritsa cindapusa osalowamo. Cindapusaco cinadzafafanizidwa kuyambira 2019, ndipo mkangano wake sunathe.

Mlongo wanga analowa PCIP miyezi yake itakwana, nakhalamo mpaka 2014, pamene anagula inshuwalansi wamba pamodzi ndi banja lake. Pa fomu yatsopanoyo anamufunsa zaka zake, kumene amakhala, kukula kwa banja, ndi ngati amasuta fodya. Za shuga sanamufunse. PCIP inatsekedwa mu Epulo caka comweco, nchito yake itatha.

Koma khomo lake linali litatsekedwa kale kwa obwera kumene. Mu Febuluwale 2013 boma linalengeza kuti lasiya kulandira mafomu atsopano, kuti ndalama zotsala zikwanire amene anali kale m'kati. Tsiku limenelo panali anthu amene anali atadikira miyezi inayi, ena isanu, kalata yowakana ili m'kabati, akuwerenga masabata monga ankacitira mlongo wanga. Iwowa anauzidwa kuti adikire Januwale wa caka cotsatira.