Za Kupatukana Kosasiya Chilonda

Pali funso limene limativuta m'mipingo ndi m'makwaya athu, ndilo ili: kodi munthu amene wagwira ntchito pamodzi ndi anzake zaka zambiri angathe kuchoka pakati pawo osasanduka mdani? Ine amene ntchito yanga ndi kuphunzitsa ana ndaona makwaya abwino akupasuka chifukwa cha kuchoka kwa munthu mmodzi, ndipo ndaona anthu amene anakulira pamodzi akulambalalana pa njira osapatsana moni. Chifukwa chake ndifuna kukusimbirani za woyimba wina wa ku England, dzina lake Peter Gabriel, ndi za chimbale choyamba chimene anatulutsa pa yekha m'chaka cha 1977, pakuti mbiri yake yandithandiza kuganiza bwino za funsoli.

Munthu ameneyu anabadwa m'chaka cha 1950. Ali mnyamata pa sukulu ya Charterhouse, iye ndi anzake, Tony Banks, Mike Rutherford ndi Anthony Phillips, anayamba gulu la oyimba m'chaka cha 1967, ndipo gululo linatchedwa Genesis, dzina limene ife tilidziwa bwino. Nyimbo zawo zinali za mtundu wotchedwa progressive rock, ndizo nyimbo zazitali zosinthasintha mayendedwe, zosimba nthano monga achitira agogo madzulo. Imodzi ya izo, ya m'chaka cha 1972, inali ya mphindi 23. Gabriel ndiye anali wotsogolera mawu, ndiponso ankaliza chitoliro. Ndipo poyimba pamaso pa anthu ankavala zachilendo, tsiku lina mutu wa nkhandwe, tsiku lina duwa lalikulu lozinga nkhope yake. Anthu anadza ambiri kudzaona, ndipo olemba nyuzi ankatchula iye yekha, ngati kuti anzake aja anali antchito ake. Tonse tidziwa chimene chimamera mumtima pamene ntchito ili ya asanu koma ulemu ukupita kwa mmodzi.

M'chaka cha 1974, pamene gululo linali kukonza chimbale chachikulu chotchedwa The Lamb Lies Down on Broadway, mkazi wa Gabriel anabala mwana wawo woyamba movutika, ndipo khandalo linadwala kwambiri. Anzake anali ku Wales pa ntchito, mkazi ndi mwana anali m'chipatala ku London, ndipo iye ankayenda ulendo wautali pakati pa malo awiriwo. Anzakewo sanamvetse bwino chifukwa chake ntchito inalikuchedwa. Pamenepo mtima wake unayamba kuchoka pa gululo.

Tsono taonani machokedwe ake, pakuti apa ndi pamene pali phunziro loyamba. Anawauza anzake kumayambiriro kwa ulendo wawo wokayimba m'mayiko kuti adzachoka, koma sanathawe usiku. Anakhala nawo kufikira anatsiriza misonkhano yoposa 100 imene analonjeza anthu, ndipo anachoka m'chaka cha 1975 ntchito itatha. Atatero anapita kukakhala kumudzi pafupi ndi mzinda wa Bath, nalera mwana wake, nalima ndiwo m'dimba. Akuluakulu anati pachoka mnzako pali malo: woliza ng'oma wa gululo, Phil Collins, anatenga malo a kutsogolera mawu, ndipo chimbale chawo cha 1976 chinagulidwa kwambiri. Amene ankati Genesis yafa anachita manyazi.

Munthu wina akanamva nsanje poona kuti anzake akupambana iye kulibe. Gabriel anayamba kupeka nyimbo zake, napita ku Toronto m'dziko la Canada kukazijambula ndi katswiri wotchedwa Bob Ezrin. Ngakhale timati chimbale cha yekha, sanachipange ndi manja ake okha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anaitana Robert Fripp wa gitala, Tony Levin wa besi, Larry Fast ndi ena; ndipo pa nyimbo zina panalizanso gulu lalikulu la London Symphony Orchestra. Chimbalecho chinatuluka m'mwezi wa Febuluwale 1977, chili ndi nyimbo 9, ndipo sanachipatse dzina lina koma lake lomwe. Pa chikuto pake pali chithunzi cha iye atakhala m'galimoto yonyowa ndi mvula, nkhope yake yosaoneka bwino. Munthu uja wa mutu wa nkhandwe tsopano anaoneka ngati wapaulendo wamba.

Pomvera chimbalechi ndimamva munthu amene akuyesa makasu ambiri kuti apeze loyenera dzanja lake. Nyimbo iliyonse ili ndi mtundu wakewake. Ina iyamba ndi mawu a amuna oyimba mogwirizana, monga timachitira ife pogawa mawu m'kwaya. Ina ili yaphokoso ndi magitala. Ina ili yolemera ndi malipenga ndi zingwe. Yotsiriza, yotchedwa Here Comes the Flood, mwini wake anaona pambuyo pake kuti anaikometsera mopitirira, ndipo anaijambulanso mofatsa ndi piyano. Ichi sindichiyesa cholakwa chachikulu, pakuti mnyamata amene wangopatsidwa munda wakewake amafesa mbewu zonse chaka choyamba.

Koma nyimbo imene ili mtima wa chimbalecho ndiyo Solsbury Hill, dzina la kaphiri ka pafupi ndi Bath kamene iye ankakwerako. M'nyimboyi asimba za kukwera phiri usiku, ndi za kusiya zimene anali nazo kuti atsate njira ina, ngakhale anthu amuyese wamisala. Ife aphunzitsi tinazolowera kuwerengera ana kugunda kunayi kapena kutatu pophunzitsa nyimbo. Koma iyi iyenda ndi kugunda 7, kotero kuti womvera amamva ngati phazi limodzi laperewera, monga mayendedwe a munthu wokondwa koma wonthunthumira pang'ono. Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti m'nyimboyi mulibe kutukwana. Anali ndi mpata wonyoza anzake pamaso pa dziko lonse, ndipo sanatero. Nyimboyi inafika pa nambala 13 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, ndipo chimbale chonse pa nambala 7.

Zipatso za kuchoka bwino zinaoneka patapita zaka. M'chaka cha 1980 Gabriel anayimba nyimbo yolira Steve Biko wa ku South Africa, amene anafera m'manja mwa apolisi mu 1977. Mu 1982 iye ndi ena anakonza msonkhano waukulu wa nyimbo za mitundu yonse, wotchedwa WOMAD, koma ndalama zinatayika ndipo anagwa m'ngongole yoopsa. Amene anamuwombola anali anzake akale a Genesis: anasonkhana naye ku Milton Keynes m'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho, nayimba pamodzi usiku umodzi mvula ikugwa, ndipo ndalama za tsikulo zinabweza ngongoleyo. Akanakhala kuti anachoka ndi mwano mu 1975, akanagogoda pa khomo la yani?

Sindikumuika munthu ameneyu pamaso panu ngati chitsanzo m'zonse, ndipo nyimbo zake si za m'tchalitchi. Koma ngati oyimba a kudziko anatha kupatukana ndi kukhalabe abale, ife tidzawiringula chiyani? Paulo ndi Barnaba anasiyana ku Antiokeya chifukwa cha Yohane Marko, ndipo Mawu anafika m'maiko awiri m'malo mwa limodzi. Pambuyo pake Paulo yemweyo anaitanitsa Marko kuti amthandize.

Chifukwa chake, inu amene mtima wanu ukufuna kuchoka pa kwaya kapena pa ntchito ina ya mpingo, nenani poyera, tsirizani zimene munalonjeza, ndipo musunge lilime lanu mutachoka. Ndi inu akulu a mpingo ndi otsogolera makwaya, mnzanu akayamba kujomba, mufunse poyamba za kunyumba kwake musanamuweruze, pakuti kapena ali ndi mwana wodwala. Akatsazika, mumperekeze ndi pemphero, ndipo dzina lake mulitchule ndi ulemu.