Waiwala Chiyani Kuphiriko?

Ndinabwerera ku Mulanje nditatopa ndi lendi ya ku Blantyre. Ntchito yanga ndi yomasulira mawu, ndipo imangofuna laputopu, magetsi ndi netiweki. Ziwiri zomalizazo kuno zimabwera zikafuna, koma ndi mumzinda momwe zimatero. Ndinapeza kanyumba ku Chitakale, pomwe msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatukira. Ndi katauni koti ukagula chinanazi m'mawa, pofika masana amayi ako kumudzi amva kale mtengo womwe wagulira, ndipo akudziwanso kuti akubera.

Ndili kumeneko anandipatsa kabuku ka alendo okaona malo kuti ndikaike m'Chichewa. Ndinayenda bwinobwino mpaka ndinafika pa liwu lina la Chingerezi lotanthauza kuyenda m'phiri popanda chimene ukukatenga. Ndinakhala nalo masiku atatu. Ndikalemba kuti "kukwera phiri", Mmalawi aliyense afunsa kuti kukatani. Ndikalemba kuti "kupitidwa mphepo", ndiye kuti sindinaonepo munthu akutsika ku Chambe mawondo akunjenjemera. Kwathu kuphiri timapita ndi chifukwa: nkhuni, udzu wofolerera, mankhwala, nsungwi, masuku. Mneni wake amafuna mnzake womutsatira: kukatola, kukadula, kukakumba.

Ndinakulira pafupi ndi Likhubula, phiri lili kuseri kwa nyumba ngati khoma, koma kufikira zaka makumi atatu ndinali ndisanagonepo pamwamba pake. Malire anga anali pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe tinkathawira kukasamba madzi ozizira ngati achokera mufiriji. Kupitirira apo kunali kwa anthu awiri: azungu a nsapato zikuluzikulu, ndi abambo athu omwe ankawanyamulira zikwama. Tsono ndinaganiza kuti liwu lovutalo ndikalifune ndi miyendo.

Nditawauza amayi, anasiya kusankha nandolo n'kundiyang'ana.

"Waiwala chiyani kuphiriko?"

"Palibe, amayi. Ndikungofuna ndikaone."

"Ukaone chiyani chomwe sichikuoneka uli pano?"

Sankaseka. Amayi anaona Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ku Phalombe. Anaonanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo zipsera zake zikadali m'mbali mwa phiri, mizere yotuwa pomwe dothi linachoka. Kwa iwo phiri ndi mnansi wamkulu, wopatsa madzi ndi nkhuni, amene sumulowera m'nyumba mwachisawawa. Dzina la nsonga yake yayitali, Sapitwa, si lokongoletsa mapu. Ndi chenjezo. Anandikumbutsa zomwe mwana aliyense wa kuno amadziwa: ukapeza chakudya chokonzedwa kale m'njira, idya wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usatengeko.

Ku Likhubula, komwe alendo amapezera owatsogolera, anandipatsa munthu yemwe ndinakhala naye desiki imodzi mu Sitandade 6. Ankandiposa masamu. Anandizindikira, nanenso ndinamuzindikira, kenako anatenga chikwama changa n'kunena kuti, "Tiyeni, bwana."

"Achimwene, za ubwanazo zisiyeni."

"Pantchito ndi pantchito," anatero, akumwetulira pang'ono.

Tinakwera tsiku lonse kulowera kukanyumba ka ku Chisepo, komwe ofuna kufika pa Sapitwa amagona. Ine ndinali ndi nsapato zomwe ndinagula pa kaunjika makamaka chifukwa cha ulendowu. Iye anali ndi zofewa zong'ambika kuchala, katundu wanga ali kumsana, ndipo pokwera ankayankha foni. Chaka chilichonse amathamanga nawo mpikisano wa onyamula katundu, womwe umayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso. Ndi mtunda wopitirira makilomita 20, ndipo opambana amaumaliza m'maola awiri ndi pang'ono. Ine pofika masana ndinali nditasiya kulankhula.

Pamwamba pali dziko lina lomwe pansi sungaliganizire: madambo a udzu wofiirira, timitsinje toyera mbee, ndi chete woti umamva magazi ako akugunda m'makutu. Minda ya tiyi imaoneka ngati mphasa yobiriwira yoyalidwa kutali. Ndinasangalala, ndisaname. Koma m'zigwa zina munali zitsa. Mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo mu 1984 unatchedwa mtengo wa fuko lathu. Ikuluikulu yake pafupifupi yonse inatha. Mnzanga uja anakanda chitsa china ndi mpeni, fungo n'kutuluka ngati mtengowo waudula dzulo.

Fungo limenelo ndimalidziwa. Ndi la malaya a malemu bambo anga. Alendo akachepa nyengo ya mvula, ankasenza matabwa pamutu kutsika nawo m'njira zomwezi, ndipo ndalama zake zinandilipirira fizi ya ku sekondale. Digiri yachiwiri yomwe ndimamasulira nayo timabuku tolira za kutha kwa mkungudza inayambira pa zitsa zimenezi. Ndikamva anthu a m'maofesi akunena kuti anthu a m'munsi mwa phiri ndi owononga, ndimavomera theka lokha, chifukwa matabwawo sankathera m'midzi yathu. Ankakwera malole.

M'mawa mwake chiperoni chinabwera. Nkhungu inatseka zonse, miyala inayamba kuterera, ndipo mnzanga anati sitipita. Ndinakakamira. Ndinali nditalipira, ndinali nditauza anthu, ndipo mamita 3,002 aja ndinkawafuna kuti ndikawalembe. Anandisiya ndilankhule mpaka ndimalize, kenako anandiitana ndi dzina langa la kuubwana, lomwe sindinalimve zaka zambiri.

"Iwe, anthu amasowa kuno. Amayi ako ndikawauza chiyani?"

Tinatsika. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse, ndipo china mwa zifukwa zake ndi ulemu womwewu umene Alhomwe, Ayao ndi Amang'anja amalipatsa. Alendo mwina achuluka. Mnzanga akufuna achuluke, ali ndi ana atatu pasukulu, ndipo inenso timabuku tomasulira tichuluka.

Pa Likhubula ndinamupatsa ndalama zake. Anaziwerenga pamaso panga, monga ayenera kuchitira, n'kuzipinda. Ndinamufunsa kuti iye ndi anzake amachitcha chiyani chimene alendo amadzachita kuphiri kuno. Anaganiza pang'ono.

"Timangoti abwera kudzatopa."

M'kabuku kaja ndinalemba kuti "kukwera phiri kokasangalala", ndipo eni ake anakalandira osafunsa kanthu. Amayi anandiona ndikulowa pabwalo ndikutsimphina, m'manja mulibe ngakhale kamtolo ka nkhuni. Anatuma mwana kuti akanditenthetsere madzi.